Kompyuta Ikayamba Kukwawa, Tiyambe Tafufuza Chimene Chikuilemetsa

Kunyumba kwathu kuli laputopu imodzi basi, ndipo aliyense amadalira yomweyo. Tinaigula yogwirapo kale ntchito zaka zinayi zapitazo, ya Windows 10, yokhala ndi RAM ya 4 GB. Mwana wathu woyamba, mtsikana amene ali ku koleji, amalembera pomwepo ntchito za kusukulu. Mlongo wake wa Fomu 3 amati amawerengerapo manotsi, ngakhale makutu athu amamva zina. Bambo a kunyumba amasungamo maakaunti a kagolosale kathu, ndipo zithunzi zonse za banja, kuyambira za chinkhoswe mpaka za maliro a agogo, zili momwemo.

Mwezi wathawu laputopuyi inayamba ulesi woopsa. Ukaiyatsa umatha kukabandira moto, kutereka madzi, n'kubwera isanamalize kudzuka. Ukadina chinthu, kamuvi kamangozungulira. Fani yake inkalira ngati chigayo, ndipo pansi pake pankatentha moti sukanatha kuiika pamiyendo. Zinafika poipa Lolemba lina madzulo pamene mtsikana uja anali ndi ntchito yofunika kupereka Lachinayi. Akalemba mzere umodzi, zilembo zinkatuluka pambuyo, iye atasiya kale kulemba. Tinamupeza atagwira m'mutu, misozi ili lengelenge.

M'mawa mwake tinapita nayo m'tauni kwa wokonza makompyuta wina. Sanaiyang'ane n'komwe kwa mphindi ziwiri. "Mayi, iyi yatopa. Tiifomate basi, mawa mudzaitenge ili ngati yatsopano." Titafunsa za zithunzi ndi mafayilo, anati kusamutsa zimenezo n'kolipira kwina, ndipo sangalonjeze kuti zonse zipulumuka. Tinainyamula n'kubwerera nayo kunyumba. Sitikunena kuti kufomata n'kolakwika nthawi zonse, ayi. Koma ife amene timathandiza kuyeza anthu kuthamanga kwa magazi tinazolowera kuti munthu akadandaula mutu, timayamba tamuyeza tisanayankhule za mankhwala. Sitinaone chifukwa choti kompyuta ipatsidwe mankhwala aakulu chotero popanda kuipima.

Amene anatithandiza ndi mwana wa achemwali athu, amene anaphunzirako za makompyuta. Anafika madzulo, n'kukhala nafe pakhonde. "Amayi aang'ono," anatero, "ine sindiigwira. Mudzidina nokha kuti tsiku lina musadzandiyitane." Zimene tikulemba pano ndi zimene tinaphunzira usiku umenewo ndi masiku otsatira, ndipo taziyesa kale pa makompyuta ena awiri a anansi athu.

Choyamba kumvetsa n'chakuti zimene timaona pa sikirini si zokhazo zimene kompyuta ikuchita. Zili ngati pa ukwati: alendo amaona akwati ndi anamkungwi kutsogolo, pomwe kuseri kuli khamu la anthu owaza nkhuni, otunga madzi, ophika ndi otsuka mbale. Mu kompyuta mulinso mapulogalamu ambirimbiri ogwira ntchito kuseri, ndipo ambiri mwa iwo ndi ofunika. Vuto limabwera pamene mmodzi wa kuseriko wayamba kudya chakudya cha alendo onse.

Windows ili ndi chida choonetsera anthu a kuseriwa. Dzina lake ndi Task Manager, ndipo sichogula, chilimo kale. Dinani mabatani atatu pamodzi: Ctrl, Shift ndi Esc. Pa Windows 10 nthawi zina pamatuluka kawindo kakang'ono kopanda zambiri. Mukatero dinani mawu akuti More details m'munsi mwake. Pa tsamba lolembedwa Processes mudzaona mndandanda wautali wogawidwa patatu: Apps, amene ndi mapulogalamu amene mwatsegula nokha, Background processes, ogwira ntchito kuseri aja, ndi Windows processes, omwe ndi ziwalo za Windows yeniyeniyo. Amene muli ndi kompyuta ya Apple, chida chofanana ndi chimenechi chimatchedwa Activity Monitor.

Kumanja kwa mndandandawo kuli mizere inayi imene tiyenera kuidziwa bwino, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo. CPU ndiye wophika, amene amagwira ntchito zonse. Memory, imene ena amati RAM, ili ngati mphasa yoyalapo zimene mukugwiritsa ntchito pa nthawiyo. Disk ndi nkhokwe, kumene zinthu zimasungidwa ngakhale kompyuta itazima. Network ikuonetsa zimene zikulowa ndi kutuluka pa intaneti. Pamwamba pa mzere uliwonse pali nambala ya peresenti. Nambala ikamakhala pa 90 kapena 100 osatsika, ndiye kuti chiwalo chimenecho chapanikizika, ndipo china chilichonse chikuima pa mzere kudikira.

Chinsinsi chake n'chaching'ono kwambiri moti tinaseka titachidziwa. Mukadina pa liwu lakuti CPU pamwambapo, mndandanda wonse umasanjika moti amene akudya kwambiri amabwera pamwamba. Mukaona manambala aang'ono ali pamwamba, dinaninso kachiwiri. Chitani chimodzimodzi pa Memory, pa Disk ndi pa Network. Mayina amasinthana malo sekondi iliyonse, choncho musathamangire kuweruza amene wangodumphira pamwamba kamodzi. Khalani phee mphindi ziwiri kapena zitatu, muone amene sakuchoka pamwambapo.

Nthawi yopimira nayonso ndi yofunika. Kompyuta ikangoyaka kumene, chilichonse chimadzuka nthawi imodzi ndipo manambala amakwera ngakhale pa kompyuta yabwinobwino. Ipatseni mphindi zisanu kapena khumi musanatsegule kanthu, kenaka yang'anani. Ngati simunatsegule pulogalamu iliyonse koma CPU ili pamwamba ndipo fani ikulira, pali wina amene akugwira ntchito imene simunamutume.

Pali mayina ena amene mudzakumana nawo kawirikawiri, ndipo ndi bwino kuwazindikira kuti musamenye wosalakwa. Antimalware Service Executable ndi mlonda wa Windows, wotchedwa Microsoft Defender. Akamafufuza mavayirasi amalemetsa kompyuta kwa kanthawi kenaka n'kusiya. Windows Modules Installer Worker amaika zokonza zatsopano zimene Windows yatenga pa intaneti. Microsoft Windows Search Indexer amalemba kaundula wa mafayilo kuti mukamafufuza asamachedwe kupezeka. Mudzaonanso mizere yambiri yoyamba ndi mawu akuti Service Host. Musadabwe ndi kuchuluka kwake, ndi mmene Windows imagwirira ntchito. Onsewa ndi a m'nyumba. Mankhwala ake nthawi zambiri ndi kuleza mtima: lumikizani chaja, isiyeni kompyuta ili chiyakire kwa ola limodzi kapena awiri, amalize ntchito yawo.

Pamenepa pali chinthu chimene chimativuta ambiri a ife kuno kwathu. Chifukwa cha kudula kwa data, timalumikiza kompyuta ku intaneti mwa apo ndi apo, kudzera pa foni. Windows imakhala ikudikira mpata umenewo. Tsiku limene mwailumikiza patatha miyezi iwiri, imayamba kukoka zokonza zonse zimene zinaunjikana, bandulo n'kutha musanatsegule n'komwe imelo. Ndiye inu mukapsa mtima n'kuizimitsa pakati pa ntchito, ulendo wotsatira imayambiranso. Njira yake ndi kupita ku Settings, kenaka Network & Internet, kusankha Wi-Fi ya foni yanu n'kuyatsa Metered connection. Mukatero Windows imadziwa kuti data yanu ndi yowerengera ndipo imachepetsa zokoka payokha. Koma musaimane mpaka kalekale. Kamodzi pa mwezi pezani malo amene pali intaneti yokwanira, muilole itenge zokonza zake zonse, chifukwa zambiri mwa izo ndi zotseka mipata imene mavayirasi amalowera.

Pa mzere wa Memory, amene amatsogola m'nyumba zambiri ndi pulogalamu yotsegulira intaneti, kaya ndi Chrome, Edge kapena Firefox. Tsamba lililonse limene mwalisiya lotsegula limatenga malo pamphasa paja. Mphasa ikadzaza, kompyuta imayamba kusamutsira zina ku nkhokwe n'kumakazitenganso ikazifuna, ndipo ulendo wa ku nkhokwe ndi wautali. N'chifukwa chake pa kompyuta ya 4 GB, masamba 15 otsegula amatha kukweza Memory ndi Disk pamodzi. Chrome ndi Edge ali ndi kaundula wawowawo: mukadina Shift ndi Esc muli mkati mwawo, amakuonetsani tsamba limene likudya kwambiri. Mtsikana wathu anali ndi chizolowezi chosiya masamba onse amene anawerengapo sabata yonse, poopa kuti sadzawapezanso. Tsopano amawasunga ngati ma bookmark n'kuwatseka.

Koma kwathu wolakwa wamkulu sanali mmodzi wa awa. Titasanja mzere wa CPU, pamwamba panakhala dzina limene palibe analidziwa, ndipo linkadya pakati pa 60 ndi 70 peresenti osapuma. Titasanja Network, dzina lomwelo linali pamwamba, chonsecho palibe anali pa intaneti. Apa m'pamene tinamvetsa chifukwa chimene bandulo ya bambo inkathera msanga masabata amenewo, ndipo iwo anali atayamba kale kukayikira aliyense m'nyumbamo.

Mwana wa achemwali uja anatiletsa kuthamangira kulizimitsa. Anati tiyambe tadziwa kuti ndani. Mukaloza dzina n'kudina batani la kumanja la mausi, pamatuluka zosankha zingapo, ndipo ziwiri ndi zothandiza kwambiri. Search online imakafufuza dzinalo pa intaneti kuti muone zimene ena akudziwa za ilo. Open file location imakuonetsani foda imene pulogalamuyo ikukhala. Ziwalo zambiri za Windows zimakhala mu foda ya Windows, makamaka System32, ndipo mapulogalamu ambiri odziwika amakhala mu Program Files. Yathuyi inali itabisala mkati mwa foda ya AppData, m'kafoda ka dzina la zilembo zosamveka. Kukhala mu AppData pakokha si umboni, chifukwa mapulogalamu ena abwinobwino amakhalanso mmenemo. Koma dzina lachilendo, malo obisika, ndi kudya CPU ndi data popanda womutuma, zitatuzi pamodzi zinatikwanira. Samalaninso ndi mayina onamizira. Mapulogalamu oipa ena amadzitcha dzina lofanana ndi la chiwalo cha Windows, kungosintha chilembo chimodzi, kapena dzina lenilenilo koma ali mu foda yolakwika.

Tinadina dzinalo, kenaka End task. Pasanathe mphindi imodzi fani inatsika mawu, CPU n'kugwera pansi pa 10 peresenti. Mtsikana uja anatsegula ntchito yake, zilembo n'kumatuluka nthawi yomweyo. Tinaomba m'manja, koma tinafulumira. Titaizimitsa n'kuiyatsanso, mlendo uja anali atabwerera pampando wake.

End task imangothamangitsa pulogalamu kwa nthawi imeneyo. Kuti isamadzuke pamodzi ndi kompyuta, pitani pa tsamba la Startup mu Task Manager momwemo, limene pa Windows 11 limalembedwa Startup apps. Pamenepo pali mapulogalamu amene amadziyatsa okha kompyuta ikamayaka, ndipo pambali pake Windows imalemba ngati amachedwetsa kwambiri, High, kapena pang'ono, Low. Ife tinapezapo khumi ndi awiri, ambiri oti sitinawagwiritsepo ntchito chaka chonse. Kudina Disable sikuchotsa pulogalamu. Mukaifuna mutha kuitsegulabe nokha. Musazimitse mlonda wa mavayirasi yekha. Titatero tinapita ku Settings, kenaka Apps, n'kusanja mndandanda potsata tsiku limene pulogalamu inaikidwa. Pa tsiku limodzi la mwezi wapitawo panali zinthu zitatu zoikidwa pamodzi: pulogalamu yokokera mafilimu, ina yolonjeza kufulumizitsa kompyuta, ndi mlendo wathu uja. Tinazichotsa zonse podina Uninstall, kenaka tinatsegula Windows Security n'kusankha Full scan. Inatenga maola oposa awiri ndipo inagwira zotsalira ziwiri. Zikakanika kuchoka motere, pamalo pomwepo pali Microsoft Defender Offline scan, imene imazimitsa kompyuta n'kuifufuza Windows isanadzuke.

Za mapulogalamu olonjeza kutsuka ndi kufulumizitsa kompyuta, maganizo athu ndi akuti asiyeni. Ambiri amakuopsezani ndi manambala ofiira kuti mulipire, ndipo nawonso amakhala kuseri n'kumadya. Ntchito zimene amati akuchita, Windows imatha kuchita yokha. Tinapezanso mlonda wachiwiri wa mavayirasi amene anabwera ndi laputopuyi, nthawi yake yaulere itatha kalekale, akungotulutsa mauthenga opempha ndalama. Titamuchotsa, Defender anapitiriza ulonda yekha popanda vuto. Alonda awiri pa chipata chimodzi amangopondana.

Tsiku limene mapulogalamu atatu aja anaikidwa linali la tchuthi, pamene m'nyumba munatsala munthu mmodzi. Poyamba mnyamata wathu anakana kwamtuwagalu. Bambo ake anangomuonetsa tsikulo pa sikirini osanena kanthu. Anaweramitsa mutu. "Pepani ababa. Anzanga anandipatsa pa fulashi, anati ndi yaulere." Iye ankafuna imodzi yokha, ya mafilimu, zinazo zinalowa chifukwa ankangodina Next osawerenga. Kunena zoona, nafenso akuluakulu timadina choncho. Tinamulanga pomuuza kuti akhale nafe mpaka kufufuza kuja kuthe, ndipo tsopano ndi iye amene amatsegula Task Manager Lamlungu lililonse n'kutiuza zimene waona.

Tinasinthanso chinthu chimodzi chimene tinayenera kuchita kalekale. Tonse tinkalowa pa akaunti imodzi yokhala ndi mphamvu zonse, ya Administrator. Tsopano ana ali ndi akaunti zawo za mtundu wa Standard, zimene zimapangidwa ku Settings pansi pa Accounts. Akafuna kuika pulogalamu yokhudza kompyuta yonse, Windows imafunsa pasiwedi ya makolo. Sikuti zimatseka mipata yonse, poti mapulogalamu ena amatha kudziika mu foda ya mwana yemweyo, koma zimachepetsa kwambiri, ndipo zimapereka mpata woti tikambirane asanaike chinthu.

Chenjezo lathu pa batani la End task ndi lakuti safunsa anadya phula. Mukathamangitsa pulogalamu imene munali kulembamo musanasunge ntchito, ntchitoyo yapita. Za m'gulu la Windows processes musazigwire. Zina mukazizimitsa kompyuta imazima kapena kuuma pomwepo. Dzina limene simukulidziwa, lifufuzeni kaye kapena lijambuleni ndi foni mukaonetse wina wodziwa.

Tinaphunziranso kuti Shut down ndi Restart si chinthu chimodzi. Pa Windows 10 ndi 11 pali njira yotchedwa Fast Startup, imene pa makompyuta ambiri imakhala yoyatsa. Mukadina Shut down, mtima wa Windows umangosungidwa mmene ulili kuti mawa idzuke msanga, pomwe Restart imayambitsa zonse mwatsopano. Pa tsamba la Performance, pansi pa CPU, pali mawu akuti Up time oonetsa nthawi imene yadutsa chiyambireni mwatsopano. Yathu inkaonetsa masiku 23, chonsecho tinkaizimitsa usiku uliwonse. Musanachite china chilichonse, yesani Restart.

Nthawi zina mudzafufuza osapeza wolakwa. Zinatero pa kompyuta ya mnansi wathu wina: panalibe dzina lachilendo, koma Disk inkangokhala pa 100 peresenti ngakhale mapulogalamu akusuntha zinthu zochepa chabe. Pa tsamba la Performance panalembedwa kuti disiki yake ndi HDD, mtundu wakale wokhala ndi mbale zozungulira mkati. Windows ya masiku ano imaulemera mtundu umenewu. Kuika SSD, imene ilibe chozungulira, kumasintha kompyuta yakale kuposa china chilichonse, ndipo mtengo wake ndi wochepa poyerekeza ndi kugula ina. Ngati ndi Memory imene imadzaza mutangotsegula zinthu ziwiri, funsani ngati kompyuta yanu ingalandire RAM yowonjezera kufika 8 GB. Ena mwa malaputopu amalola, ena RAM yake ndi yomatirira. Ndipo disiki ikayamba kumveka kuti kha-kha-kha mkati, siyani zonse, koperani mafayilo anu tsiku lomwelo.

Kutentha nakonso kumachedwetsa. CPU ikatentha kwambiri imadzichepetsera liwiro yokha kuti isapse. Fumbi la m'chilimwe limatseka timabowo totulutsira mpweya, ndipo laputopu yoikidwa pabedi kapena pa pilo imabanika. Iikeni pa tebulo, ndipo kamodzi pa chaka wodziwa aitsegule aipukute mkati. Magetsi akazima ndipo mukuyendera batire, Windows imathanso kuchepetsa liwiro kuti moto ukhalitse. Kumeneko si kudwala, chaja ikabwerera imachira. Amene muli pa Windows 10 ngati ife, dziwaninso kuti Microsoft inathetsa chithandizo chake cha nthawi zonse pa 14 Okutobala 2025. Kompyuta ikugwirabe ntchito, koma m'pofunika kusamala kwambiri ndi mafulashi a anthu ndi zokoka pa intaneti, ndi kufufuza ngati ingathe kulandira Windows 11.

Mtsikana wathu anamaliza ntchito yake Lachitatu usiku ndipo anaipereka Lachinayi m'mawa. Palibe chithunzi chimene chinatayika, ndipo sabata yomweyo tinagula fulashi ya 64 GB n'kukoperamo zithunzi zonse ndi maakaunti a golosale. Imakhala mu sutikesi pamodzi ndi masatifiketi. Laputopu yathu nayo ndi ya HDD, choncho ikangoyaka Disk imakwerabe mpaka 100 kwa mphindi zingapo isanatsike. Tayamba kusunga pang'onopang'ono ya SSD, ndipo mnyamata uja wavomera kuti gawo lina lichokere ku nkhuku zake ziwiri.